Khasu, Madzi ndi Chimanga cha ku Mbayani

Munthu wochoka pakati pa mzinda wa Blantyre kupita ku Chileka amadutsa pa Mbayani. Nyumba za kumeneko nzothithikana, ndipo zambiri zidamangidwa pa malo otsetsereka. Komabe mvula yoyamba ikangogwa m'mwezi wa Novembala, kamalo kalikonse kopanda nyumba kamasanduka munda. Chimanga chimamera kuseri kwa bafa, m'mbali mwa mpanda, ngakhalenso pakati pa miyala. Mabanja ena ali ndi minda yokulirapo ku Chileka, ku Lunzu kapena kumidzi kwawo, ndipo Loŵeruka m'mamaŵa amaoneka pa msewu atasenza makasu, akudikira minibasi. Anthu ameneŵa salima chifukwa chosoŵa chochita. Ufa wogula pa msika umatha ndalama, makamaka m'miyezi ya Januwale ndi Febuluwale, ndipo thumba limodzi la chimanga chodzilimira limachedwetsa njala kuloŵa m'nyumba.

Pofika mu Febuluwale pamaoneka chinthu chodabwitsa. Minda iŵiri yogundana malire, yobzalidwa sabata imodzi, mbewu yake yogulidwa m'sitolo imodzi, imasiyana kutalitali. M'munda umodzi chimanga nchobiriŵira ndipo mapesi ake ngonenepa. M'munda winawo nchachikasu, choonda, masamba atapotana ngati a anyezi. Mwini munda wachiŵiriwo amadandaula kuti feteleza wa masiku ano ngwopanda mphamvu. Nthaŵi zina amafika ponong'oneza anzake kuti mnansi wakeyo adakhwimira munda. Koma munthu wofatsa akazungulira minda iŵiriyo ndi kuyang'ana pansi, osati pa masamba, amapeza yankho msanga. Kusiyanako kudayamba mu Okutobala, mbewu isanagwe m'nthaka, pa tsiku limene alimi aŵiriwo adaunda mizere yawo. Mmodzi adalima mosunga madzi, winayo adalima moŵathamangitsa.

Nkofunika kudziŵa poyamba kuti chimanga ndi mbewu yakumwa madzi ambiri. Akatswiri a zaulimi amati kuchokera pobzala kufikira pokhwima chimafuna mvula ya mamilimita 500 mpaka 800. Nambala zimenezi sizimveka bwino kufikira munthu ataziŵerengera m'ndowa. Milimita imodzi ya mvula ikagwa pa malo a mita imodzi mulitali ndi mita imodzi mulifupi, ndiye kuti pamalopo pathiridwa lita imodzi ya madzi. Tsono kamunda ka mamita 10 mulitali ndi mamita 10 mulifupi, konga timinda tambiri ta m'tauni, kamafuna malita osachepera 50,000. Amenewo ndi madzi odzaza ndowa 2,500 za malita 20. Kamunda kotero, kakasamalidwa bwino kwambiri, kangatulutse thumba limodzi la makilogalamu 50. Ndowa 2,500 pa thumba limodzi! Mwana aliyense amene adaimapo pa mzere kudikira kugula madzi pa mpope angathe kuona yekha kuti palibe banja limene lingalime chimanga chake ndi madzi otunga pamenepo.

Mwamwayi, madzi ameneŵa amagwa okha kuchokera kumwamba. Mzinda wa Blantyre umalandira mvula ya mamilimita pafupifupi 1,000 pa chaka, ndiye kuti kamunda kaja kamathiridwa ndowa 5,000 kwaulere. Nanga bwanji chimanga chimafota? Chimafota chifukwa madzi ambiri sakhala pamene agwera. Mvula yamphamvu ikagwa pa nthaka yotsetsereka ndi yopanda chophimba, madontho ake amamenya dothi ngati tinyundo, timabowo ta m'nthaka timatsekeka, ndipo madzi amayamba kuthamanga. Pothamangapo amanyamula dothi lapamwamba, limene ndilo lachonde, pamodzi ndi feteleza amene mlimi adagula movutikira. Nchifukwa chake mitsinje ya mu mzindawu, monga Mudi, Nasolo ndi Naperi, imafiira mvula ikagwa. Kufiirako ndi minda ya anthu imene ili pa ulendo wopita ku Shire. Akuluakulu adati madzi akatayika saoleka, ndipo dothi limene latsagana nawo silibwereranso.

Apa ndi pamene khasu limasonyeza nzeru za mwini wake. Mlimi waulesi, kapena wosadziŵa, amaunda mizere yoloza kumunsi kwa phiri, popeza kulima motero nkosavuta ndipo msana suŵaŵa kwambiri. Koma khwaŵa lililonse la pakati pa mizere yotere limasanduka kamtsinje. Patapita zaka zoŵerengeka pamabadwa chigwembe chimene mbuzi ingathe kubisalamo. Mlimi wanzeru amaunda mizere yopingasa chitunda, kuti mzere uliwonse ukhale ngati khoma loimitsa madzi. Kupingasa kokha sikukwanira. Mzere uyenera kuyenda molingana, mbali ina isatsike kuposa inzake, chifukwa madzi amapeza msanga kumene kwapendekeka. Alangizi a zaulimi amaphunzitsa kuyeza chitunda ndi kachipangizo ka mitengo itatu kooneka ngati chilembo cha A, kokhala ndi chingwe ndi mwala wolendeŵera pakati. Akayeza amakhoma zikhomo ndi kuunda mizere ikuluikulu yotchedwa akalozera, ndipo mizere ina yonse imatsata imeneyo. Pa akalozera pamabzalidwa udzu wa vetiva, umene mizu yake imaloŵa pansi kwambiri ndi kugwira dothi. Chipangizo chonsecho sichilira ndalama. Ana a Sitandade 5 angathe kuchipanga pa nthaŵi yopuma.

Mizere ili ndi mbiri yake, ndipo mbiriyo si yokoma yonse. Kale anthu ambiri a kuno ankabzala pa milu ya dothi yotchedwa matutu. Boma la atsamunda litaona kukokoloka kwa nthaka lidakhazikitsa malamulo a malimidwe. Njala yoopsa ya m'chaka cha 1949, imene idasautsa kwambiri boma la Blantyre, itapita, malamulowo adalimbikitsidwa koposa. Munthu wokana kuunda mizere kapena kukumba milambala ankalipitsidwa ndalama, ena ankatsekeredwa m'ndende. Anthu adadana nawo malamulowo, ndipo mkwiyo wawo udathandiza kukulitsa gulu lomenyera ufulu la Nyasaland African Congress. Chikakamizo chidatha dziko litayandikira kulandira ufulu, umene udabwera m'chaka cha 1964, koma mizere idatsala, ndipo lero ili pafupifupi m'munda uliwonse. Nzeru ya mzere wopingasa inali yabwino. Cholakwika chinali kuiphunzitsa ndi chindapusa. Mwina nchifukwa chake alimi ambiri adatengera mzere wokha, osatengera chifukwa chake, kotero kuti mpaka pano ena amaunda mizere yokongola ndithu koma yoloza kumtsinje.

Pali kantchito kena kakang'ono kamene phindu lake nlalikulu, ndiko kumanga ngonyeka. Ngonyeka ndi timizere tating'ono totseka khwaŵa la pakati pa mizere iŵiri, kamzere apa, kena patsogolo pang'ono. Munda wa ngonyeka umaoneka ngati wodzaza timabeseni. Mvula ikagwa, beseni lililonse limagwira madzi ake ndi kuŵamwetsa nthaka pang'onopang'ono. Kunena zoona, umenewu ndiwo ulimi wothirira woyamba, ndipo ndi wokhawo umene mlimi wa pa chitunda cha Mbayani angaukwanitse popanda kugula kanthu. Chenjezo nlakuti ngonyeka siziyenera malo onse. M'dambo, kapena pa dothi la makande limene limasunga madzi kale, chimanga chingathe kumira ndi kuchita chikasu. Chaka cha mvula yochuluka mlimi amatsegulako ngonyeka zina kuti madzi apite. Ngonyeka imamangidwa motsikirapo kuposa mzere, kuti madzi akadzaza asefukire m'beseni lotsatira, asagumule mzerewo.

Kutalikirana kwa mizere nakonso kumasintha zokolola. Kwa zaka zambiri alimi ankaphunzitsidwa kusiya masentimita 90 pakati pa mizere, masentimita 90 pakati pa mapando, ndi kuponya mbewu zitatu pa phando. Motero hekitala imodzi inkakhala ndi mapesi pafupifupi 37,000. Chakumapeto kwa zaka za m'ma 1990 bungwe la Sasakawa Global 2000 lidafalitsa njira ina: masentimita 75 pakati pa mizere, masentimita 25 pakati pa mapando, mbewu imodzi pa phando. Njira imeneyi, imene anthu amangoitcha Sasakawa, imapereka mapesi oposa 53,000 pa hekitala, ndipo phesi lililonse limadya lokha popanda kulimbirana ndi linzake. Ndi njira yabwino. Koma pakamwa pakachuluka, chakudya nachonso chiyenera kuchuluka. Mlimi amene wabzala Sasakawa pa nthaka yosasunga madzi, feteleza wake ali wochepa, asadabwe akakolola tizitsononkho tonga zala.

Khasu lili ndi mlandu wina umene suoneka ndi maso. Chaka ndi chaka mlimi amagumula mzere wakale ndi kuunda watsopano pamene panali khwaŵa. Khasu limalekeza pa kuya komwekomweko, ndipo mapazi amaponda pomwepo. Patapita zaka, pansi pa dothi lofeŵa pamapangika chikhakha cholimba ngati njerwa. Madzi amalephera kuchiboola, mizu nayonso ikafika pamenepo imakhota ndi kuyenda cham'mbali. Munthu akazula phesi m'munda wotere amapeza mizu yake ili yophwatalala. Chimanga chotero chimafota dzuŵa likaŵala masiku ochepa okha, chifukwa sichifikira chinyontho cha pansi, ndipo chimagwa msanga kukaomba mphepo. Ku Mzuzu ndi madera ozungulira, bungwe la Tiyeni limaphunzitsa alimi kuswa chikhakhacho ndi piki mpaka kuya kwa masentimita 30, kenaka kupanga mabedi aakulu amene saponderezedwanso. Ntchito yake njoŵaŵa chaka choyamba, koma sichitika chaka chilichonse. Alimi a ku Blantyre, Chiradzulu ndi Mulanje ali ndi mthandizi wina amene adamudziŵa kalekale, ndiye nandolo. Muzu wa nandolo umaboola pansi polimba, masamba ake amayoyoka ndi kusanduka manyowa, ndipo mbewuyi imaonjezera chonde m'nthaka. Mayi wobzala nandolo m'chimanga amakhala akulima pansi pamene khasu lake silifika.

Ena amapita patsogolo nkunena kuti khasu lingotayidwa. Umenewu ndi ulimi wa mtayakhasu, umene umatchedwanso mleranthaka. Mlimi saunda mizere. Amayala mapesi ndi udzu pa munda wonse, ndipo mvula ikagwa amangoboola timapando ndi kubzala. Zophimbirazo zimatchinga madontho a mvula, zimaletsa dzuŵa kuumitsa nthaka, ndipo zikaola zimadyetsa nyongolotsi zimene zimafeŵetsa dothi. Pa chaka cha ng'amba munda wophimbira umapirira kuposa wosaphimbira. Zimenezi nzoona, ndipo alimi ambiri adaziona ndi maso awo. Koma amene amalalikira mtayakhasu ngati mankhwala a nthenda zonse sadakhalepo m'tauni. Ku Mbayani phesi louma ndi nkhuni. Makala akakwera mtengo, mapesi a m'munda amakathera pansi pa mphika. Otsala amadyedwa ndi mbuzi, kapena amapsa ndi moto wa anyamata osaka mbeŵa. Munda wa mtayakhasu wopanda chophimba ndi woipa kuposa wa mizere, chifukwa nthaka yake njolimba, madzi amangotsetsereka, ndipo udzu umamera mwaukali. Choncho mlimi ayambe wadzifunsa ngati angathe kusunga mapesi ake kuyambira Meyi kufikira Novembala. Ngati sangathe, asataye khasu. Aunde mizere yopingasa, amange ngonyeka, ndipo mapesi amene ali nawo aŵakwirire m'khwaŵa m'malo moŵatentha.

Nanga ulimi wothirira weniweni? Anthu ambiri akamva za njala amafulumira kunena kuti dziko la Malaŵi lili ndi nyanja ndi mitsinje, tsono lingothirira. Mawu ameneŵa ngoona ku malo kumene madzi ali pafupi ndipo nthaka njathyathyathya. Ku Domasi, Likangala ndi Muona kuli masikimu akale othirira mpunga, ndipo ku Chikwawa boma lidayamba kukumba ngalande yaikulu yotenga madzi a Shire pa Kapichira, ndi cholinga chothirira mahekitala oposa 40,000. Koma Blantyre ali pamwamba. Madzi ambiri a m'mipope ya mu mzindawu amapopedwa ndi magetsi kuchokera ku Walker's Ferry pa mtsinje wa Shire, mtunda wa makilomita oposa 30, kukwera chitunda njira yonse. Anthu a mu mzindawu adakwana 800,000 pa kalembera wa m'chaka cha 2018, ndipo onsewo amafuna kumwa, kuphika ndi kuchapa. Kuthira madzi otere pa chimanga cha ufa nkuononga.

Ngakhale madzi a padenga sangathirire munda. Denga la malata la mamita 6 mulitali ndi mamita 5 mulifupi, pa mvula ya mamilimita 20, limagwetsa malita 600, okwana migolo itatu. Madziwo ngothandiza kwambiri pa kuchapa ndi pa kabedi ka mpiru kapena tomato, koma kamunda ka chimanga kaja kangaŵamwe tsiku limodzi kapena aŵiri. Chimene mwini nyumba angachite ndi kukumba dzenje kapena ngalande yopingasa kumtunda kwa munda wake, kuti madzi otsala a padenga aloŵe m'nthaka m'malo mokagumula maziko a nyumba ya mnansi wa kumunsi. Milandu yambiri ya pakati pa anansi m'nyengo ya dzinja imayambira pa madzi otere.

Kumene kuthirira kumapindula ndi kudimba, m'chilimwe. Chimanga chootcha chimene chimagulitsidwa m'mbali mwa misewu ya Blantyre ndi Limbe mvula isanayambe chimachokera m'madimba. Chimagulidwa chimodzichimodzi chikadali chachiŵisi, motero chimabweza thukuta la mlimi kuposa chimanga chouma. Alimi ena amathirira ndi keni, ena ndi mpope wopalasa ndi miyendo, ndipo masiku ano ena ali ndi mipope yoyendera mphamvu ya dzuŵa. Kudimba kalimidwe kamatembenuka. M'dzinja chimanga chimakwera pa mzere kuthaŵa madzi, koma m'chilimwe chimabzalidwa m'timabedi toloŵa pansi kuti madzi asabalalike. Kuŵaza timadzi pang'ono tsiku ndi tsiku nkulakwitsa, popeza mizu imazoloŵera kuyandama pamwamba. Nkwabwino kuthirira mokwanira, madzulo kapena m'maŵa, kenaka kudikira masiku angapo, kuti mizu itsate chinyontho pansi. Udzu wouma woyala pa bedi umachepetsa maulendo a ku chitsime.

Pali nthaŵi imodzi imene chimanga sichikhululukira ludzu. Imeneyi ndi nthaŵi ya kumasula, patapita miyezi iŵiri kapena kuposerapo pang'ono chibzalire. Pamwamba pa phesi pamatuluka ngayaye zimene zimagwetsa mungu, ndipo pa chitsononkho pamatuluka ndevu. Ulusi uliwonse wa ndevuzo uli ndi njere yake, ndipo njereyo siikhalapo ngati mungu sudagwere pa ulusiwo. Madzi akasoŵa, ndevu zimachedwa kutuluka, mungu nkutha zisanaoneke. Zotsatira zake ndi chitsononkho cha njere apa ndi apo, chonga m'kamwa mwa mwana amene mano ake aguluka. Chimanga chaching'ono chikafota chingathe kutsitsimuka mvula ikabwera, koma chimene chafota pomasula sichibwezanso njere zotayikazo. Mlimi wa kudimba amene madzi ake ngochepa aŵasungire masabata ameneŵa. Mlimi wa kumtunda alibe keni yoti ithandize, ndipo tsoka lake nlakuti ng'amba imakonda kubwera mu Januwale ndi Febuluwale, nthaŵi yomweyo imene chimanga chobzalidwa ndi mvula yoyamba chikumasula ndipo chikuyembekeza feteleza wobereketsa kuti agwire ntchito. Pamenepo chimene chimapulumutsa munda ndi madzi a mvula ya masabata apitawo, ngati adasungidwa pansi.

Madimba a m'tauni ali ndi zoopsa zake ziŵiri. Choyamba ndi madzi oipa. Mtsinje wa Mudi umadutsa pakati pa mafakitale ndi nyumba zambiri, ndipo umalandira zonyansa zamitundumitundu. Anthu a mu Blantyre sadaiŵale kolera ya m'zaka za 2022 ndi 2023, imene idachititsa kuti sukulu za mu mzindawu zichedwe kutsegulidwa mu Januwale 2023. Mwana wotumidwa kukatunga madzi otere ndi keni amaika moyo wake pa ngozi. Chachiŵiri ndi kulima mpaka m'mphepete mwenimweni mwa mtsinje. Bango ndi mitengo ya m'gombe zikachotsedwa, gombe limagumuka, ndipo dimba lomwelo limapita ndi madzi.

Zaka ziŵiri zotsatizana zidaonetsa mbali zonse za nkhaniyi. Mu Malichi 2023 namondwe wotchedwa Freddy adagwetsa mvula yosaneneka, ndipo matope ndi miyala zochokera m'phiri la Soche zidakokolola nyumba ku Chilobwe ndi kupha anthu ambiri. Palibe mzere kapena ngonyeka imene ikadaimitsa madzi otero, ndipo kunena kuti ikadatha nkunamiza ana. Komabe phiri lometedwa mitengo ndi kulimidwa mpaka pamwamba limagonja msanga kuposa phiri lovala nkhalango, ndipo mapiri a Soche ndi Ndirande adametedwa anthu akuona. Chaka chotsatira mvula idadula pakati pa dzinja. Mu Malichi 2024 mtsogoleri wa dziko wa nthaŵiyo, Lazarus Chakwera, adalengeza kuti maboma 23 mwa maboma 28 ali pa ngozi ya njala. Mlimi sadziŵa mu Okutobala ngati chaka chikubweracho chidzakhala cha madzi osefukira kapena cha ng'amba. Amaunda mizere yake asanadziŵe, motero ayenera kuiunda mokonzekera zonse ziŵiri: yopingasa ndi yolimba kuti dothi lisapite, ya ngonyeka zotheka kutsegula madzi akachuluka.

Sukulu imene ili ndi kamunda ingathe kuyesa zimenezi popanda kudikira mlendo wochokera kutali. Ana agaŵe kamundako paŵiri. Mbali imodzi aunde mizere wamba, pansi pali mbee. Mbali inayo aunde mizere yopingasa, amange ngonyeka ndi kuyala udzu m'makwaŵa. Mbewu ikhale imodzi, tsiku lobzala limodzi, feteleza wofanana. Pakapita masiku asanu opanda mvula, akumbe ndi kamtengo m'mbali zonse ziŵiri mpaka kuya kwa chikhatho, atape dothi ndi kulifumbata. La mbali yoyamba lidzayoyoka pakati pa zala, la mbali yachiŵiri lidzaumbika. Pokolola asunge chimanga cha mbali iliyonse pachokha, achitonole, achiyeze ndi ndowa imodzi, ndipo alembe chiŵerengero cha ndowazo pa bolodi kuti makolo obwera ku msonkhano adzachione.